Kuyesa Phiko Latsopano Mphepo Itacepa

Mlimi wanzeru satama mbeu yace yatsopano caka ca mvula yambiri, pakuti caka cotere ngakhale mbeu yacabe ibala. Iye alindira caka cimene mvula idula msanga, ndipo pamenepo adziwa ngati anagula cinthu cabwino kapena ananyengedwa. Momwemonso ziri ndi zipangizo za pa madzi zimene tifuna kukuuzani mwezi uno, abale athu owerenga. Mphepo ikakula ciri conse ciyenda, ngakhale citseko ca nyumba mutacimangira nsaru. Koma mphepo ikacepa, ndi pamene nchito ya mmisiri weniweni ioneka.

Ife tiri atatu, ana a ku Malawi, ndipo tigwira nchito ku Langebaan, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya mcere m'dziko la South Africa, makilomita monga 120 kumpoto kwa Cape Town. Kumeneko nyanja yaikuru ilowera ku Saldanha Bay, nipanga thamanda lalitali losaya, lopanda mafunde akuru. Alendo ambiri adza kudzasewera pa madziwo, ndipo nchito yathu ndiyo kuwanyamulira zipangizo, kuzikonza, kuphunzitsa osadziwa, ndi kuwatsata pa boti laling'ono kuti asatayike.

Masewera amene tinena eni ace awacha wing foiling, ndipo afuna zinthu zitatu. Coyamba ndico thabwa lopepuka limene munthu aimapo. Caciwiri ndico phiko, ndilo thanga la nsaru yopyapyala lokhala ngati phiko la mleme. M'mphepete mwace mwa kutsogolo muli thumba lalitali limene tipopamo mpweya, monga ticita ndi gudumu la njinga, kuti liume. Phikoli silimangidwa pa mlongoti monga thanga la ngalawa, iai. Munthu aligwira m'manja, ndipo kacingwe kalilumikiza ku dzanja lace kuti lisamthawe. Cacitatu, cimene ciposa zinzace, cibisika pansi pa madzi. Kunsi kwa thabwa kutsika mlongoti wathyathyathya wa masentimita 75 kufikira 90, ndipo kunsonga kwace kuli kanthu konga ndege yaing'ono, ka phiko lalikuru kutsogolo ndi laling'ono kumbuyo. Ici acicha foil, koma ife m'nkhani yino tidzaciti cipsepse, popeza cigwira nchito m'madzi monga zipsepse za nsomba.

Thabwa likayamba kuyenda, madzi apita pamwamba ndi pansi pa cipsepse. Ico ciwakankhira pansi, ndipo iwo acikankhira m'mwamba. Liwiro likakwanira, thabwa lonse lituruka m'madzi, ndipo munthu ayenda m'malere, mkono umodzi pamwamba pa nyanja, wopanda phokoso. Kapena mudzafunsa kuti, Kanthu kakang'ono kotere kanyamula bwanji munthu wamkuru? Yankho lace ndi ili: madzi alemera kuposa mpweya monga ka 800, cifukwa cace cipsepse cosaposa lipande cicita m'madzi cimene phiko lalikurukuru likadacita m'mlengalenga.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'caka ca 1906 Enrico Forlanini anayendetsa boti la zipsepse pa nyanja ya Maggiore ku Italy. M'caka ca 1919 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, pamodzi ndi Casey Baldwin, anathamangitsa boti lao lochedwa HD-4 makilomita 114 pa ora pa nyanja ya Bras d'Or ku Canada. Koma kucepetsa cipsepse kuti cikwane pansi pa thabwa la munthu mmodzi kunacedwa, ndipo kunakula makamaka pa cisumbu ca Maui ku Hawaii, kumene Laird Hamilton ndi anzace anayamba kukwera naco mafunde, ndi kumene Kai Lenny anaonetsa m'caka ca 2016 kuti munthu angathe kuuluka naco mtunda wautali pa thabwa lopalasa ndi nkhafi. Mapiko opopa mpweya anayamba kugulitsidwa ponseponse m'caka ca 2019. Pa masewera a Olympic a 2024, amene mipikisano yace ya thanga inacitikira ku Marseille, matabwa a thanga ndi a kaiti anauluka pa zipsepse, koma phiko la m'manja silinalowemo.

Tsono tinene cifukwa cace mphepo yocepa ibvuta. Mphamvu ya mphepo sicepa molingana ndi liwiro lace. Icepa msanga koposa. Mphepo ya makilomita 30 pa ora ikatsika kufika pa 15, munthu angaganize kuti yatsala ndi theka la mphamvu; koma yatsala ndi gawo limodzi lokha la magawo anai. Cotero wofuna kubweza mphamvu yonseyo ndi nsaru yokha akadafuna phiko lakukula kanai, ndiko kuti la masikweya mita 20 m'malo mwa la 5, longa mphasa khumi zoyalidwa pamodzi. Ndipo palibe munthu wa manja otalika kotero. Bvuto lina ndi ili: nthawi yofuna mphamvu yambiri ndiyo ya poyamba, thabwa likali m'madzi, pakuti madzi aligwira, ndipo liyenera kukwera kapfunde kamene lipanga lokha kutsogolo kwace. Likangoturuka, kuligwira kuja kutha, munthu athamanga, ndipo kuthamanga kwace kumpangira mphepo yina yoonjezera, monga wa pa njinga amva mphepo kumaso ngakhale tsiku la bata. Nkhondo yonse ya mphepo yocepa iri pa mapazi makumi awiri kapena atatu oyambawo.

Amalinyero ayesa mphepo ndi muyeso wochedwa knot, ndiwo makilomita 1.852 pa ora, ndiponso ali ndi makwerero a mphepo amene Francis Beaufort anakonza m'caka ca 1805. Pa khwerero laciwiri, makilomita 6 kufikira 11, madzi angocita makwinya. Pa lacitatu, 12 kufikira 19, timafunde tiyamba kusweka apa ndi apo. Pa lacinai, 20 kufikira 28, thobvu loyera licuruka. Pa lacinai ali yense wodziwa auluka. Pa laciwiri pafupifupi onse akhala pansi. Khwerero lacitatu ndilo munda wa mkangano, ndipo m'menemo munali nkhani yathu.

Ku Langebaan mphepo ya kumwera iomba kolimba kuyambira Novembala kufikira Malici, ndipo miyezi imeneyo tigwira nchito kufikira dzuwa kulowa. Koma Epulo akafika ifoka. Masiku ambiri ingokhala pa khwerero lacitatu, alendo apita kwao, ndipo ife, amene tilipidwa pa tsiku, tiyamba kuwerenga masiku ndi zala. Ndalama zimene titumiza kwathu za sukulu ya ana ndi za feteleza zicepa pamodzi ndi mphepoyo. Cifukwa cace mitima yathu inadumpha pamene mwini malo anatiuza kuti wamalonda wina wambwereka zipangizo zatsopano za mphepo yocepa, kuti aziyese mlungu umodzi. Kalata ya wamalondayo inati munthu auluka nazo ngakhale pa makilomita 11. Mwini malo anati, “Mtengo wace ndi waukuru, ndipo ine ndakalamba, sindikweranso. Ziyeseni inu, cimene mudzandiuza ndico ndidzacita.”

Zinali zinthu zinai: mapiko awiri, la masikweya mita 7 ndi la 8, pamene lathu la masiku onse ndi la 5, cipsepse cotambasuka masentimita 115 koma copyapyala, pamene cathu cakale ndi ca 85, cacifupi ndi cocindikala, ndi thabwa lalitali mamita 2.3, lopingasa masentimita 50 okha, pamene lathu ndi lalifupi ndi lotakata ngati citseko. Zonse zinali zonyezimira, zokoma m'maso. Koma wamkuru wa ife anatikumbutsa za cikomekome ca mkuyu, nati tisanene kanthu tisanaone m'kati mwace.

Tinapangana malamulo atatu. Loyamba, kusintha cinthu cimodzi cokha pa nthawi imodzi. Pakuti wosintha zonse pamodzi sadziwa cimene camthandiza, monga wodwala womwa mankhwala atatu tsiku limodzi. Laciwiri, kuti onse atatu tikwere ciri conse, popeza matupi athu asiyana: wamng'ono alemera makilogalamu 62, wapakati 75, ndi wamkuru 92. Lacitatu, kuti mmodzi akhale m'boti ndi kacipangizo ka m'manja koyesera mphepo, nalembe m'buku liwiro lace pa nthawi yomweyo thabwa lituruka m'madzi. Ndi zipangizo zathu zakale tinadziwa kale kuti wapakati afuna makilomita monga 22.

Lolemba tinayesa mapiko okha. Ndi la 7 wapakati anauluka pa 19, ndipo tinakondwera pang'ono. Koma la 8 linatiphunzitsa malire a nsaru. Mnzathu wamng'ono ndi wamfupi, ndipo pakukupiza phikolo nsonga yace inakhudza madzi. Nsonga ikakodwa, phiko lonse litembenuka, nilimgwetsa munthu. Wamkuru yekha analikhoza, koma iyenso anati mapewa ace anatopa msanga, pakuti mphepo ikacepa phiko silidzinyamula lokha. Munthu alinyamula, monga mai asenza mtolo wopanda nkhata. Tinalemba kuti nsaru yambiri ithandiza, koma pang'ono, ndi kuti phiko liyenera kulingana ndi msinkhu wa mwini wace.

Laciwiri tinaika cipsepse catsopano pansi pa thabwa lakale. Pa kunyamuka sicinasinthe zambiri. 19 uja anangotsika kufika pa 18. Koma munthu atauluka, taonani kusiyana kwace! Mphepo yocepa siomba cimodzimodzi; idza m'zigamba, ndipo pakati pa zigamba pali mipata ya bata. Wokwera aziona patali, pakuti pamene pali mphepo madzi ada, ndi pamene palibe anyezimira ngati kalirole. Cipsepse cakale cikalowa pa mpata wotere cimira msanga, monga nkhuku imene iuluka pang'ono nigwa. Catsopano cinapitirira ngati nkhwazi yotambasula mapiko, kufikira cigamba cina. Cinathandizanso pokhota. Munthu akakhota motsata mphepo yocepa, pali kamphindi kamene liwiro lace lilingana ndi la mphepo, phiko lilefuka ngati nsaru ya pa cingwe, ndipo ayenera kudalira cipsepse cokha. Ndi cakale tinagwa pokhota pambiri. Ndi catsopano tinapitirira kawiri mwa katatu. Koma ciri ndi mtengo wace: cikhota mwaulesi, ndipo munthu akapendeka kwambiri nsonga yace ituruka m'madzi, nimeza mpweya, nimtaya mwadzidzidzi.

Lacitatu kunali bata. Kacipangizo kanaonetsa 7, nthawi zina 8, ndipo mbendera ya pa gombe inalendewera. Tinatenga zonse zatsopano pamodzi, tinakupiza kufikira thukuta, koma panalibe mmodzi anaturuka m'madzi. Madzulo kanafika pa 11, nambala yomwe ija ya m'kalata, ndipo wamng'ono anayesa kasanu ndi kamodzi osauluka. Tsikulo silinatayike, pakuti linatiuza cimene masiku a mphepo sakadatiuza, ndipo tinalilemba m'buku monga masiku ena.

Lacinai linali la thabwa lalitali, ndipo ilo linatidabwitsa. Inu a kunyanja mudziwa kuti bwato lalitali loonda lithamanga ndi nkhafi zocepa kuposa lalifupi lotakata. Lamulo lomwelo ligwira pano. Thabwa lathu lakale likankha madzi ngati khasu. Ili liwang'amba ngati mpeni. Wamng'ono anaima cete, nayang'ana cigamba cakuda cirinkudza, ndipo wa m'boti anapfuula, “Konzekani acimwene, ikufika!” Pomwepo anakupiza phiko katatu, kulikoka cakumbuyo monga wopalasa, napondaponda thabwa ndi miyendo, kudidikiza ndi kupepuza monga wosinja, ndipo linanyamuka. Kacipangizo kanati 14. Wapakati ananyamuka pa 15, ndi wamkuru pa 18, amene ndi zakale anali kufuna 25. Pamenepo tinacita ciyeso cimene ticiyesa copambana m'mlungu wonsewo: tinabweza phiko lathu lakale la 5, ndi kusiya thabwa ndi cipsepse zatsopano. Wapakati anaulukabe pa 17. Potero tinazindikira kuti mankhwala a mphepo yocepa ali kunsi kwa mapazi koposa m'manja.

Koma thabwali si la ali yense. Popeza ndi loonda, ligwedezeka ngati cipika coyandama, ndipo ife amene takwera zaka zambiri tinagwa kangapo tisanaimepo. Mlendo wa tsiku loyamba sakadatha ngakhale kugwadapo.

Tinaonanso cinthu cimene nyanja ya kwathu iribe. Madzi a nyanja ya mcere akwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, monga maora 6 kudzala ndi maora 6 kuphwa. Ku Langebaan akamadzala ayenda cakumwera, kukomana ndi mphepo, ndipo wokwera amva mphepo yoposa imene wa pa gombe aiyesa. Akamaphwa ayenda cakumpoto pamodzi ndi mphepo, namcotsera wokwera gawo lina la mphepoyo. Tsiku la mphepo yaikuru makilomita awiri kapena atatu otere sawerengedwa. Koma pa khwerero lacitatu ndiwo alekanitsa kuuluka ndi kukhala. Ndiponso madzi akaphwa milu ya mcenga iyandikira, ndipo mlongoti ukagunda mcenga munthu alikuthamanga, aponyedwa kutsogolo. Cifukwa cace tibvala cisoti colimba ndi cobvala coyandamitsa ngakhale tsiku looneka lofatsa.

Lacisanu linationetsa kuti mphepo yocepa iri ndi zoopsa zace. Wamkuru anali kutali pakati pa thamanda, madzi alikuphwa, ndipo mphepo inaleka monga munthu azima nyali. Wa mphepo yaikuru aopa kugwa. Wa mphepo yocepa aope kutsala. Madzi anayamba kumtengera kukamwa kwa thamanda, kumene ali ozizira ndi othamanga. Iye anagona pa thabwa, naika phiko pa miyendo yace, napalasa ndi manja cakugombe, ndipo thabwa lalitali linayenda bwino kuposa limene lakale likadacita. Boti linamfika posacedwa, popeza linali pa madzi monga tinapangana. Tinalemba mau awiri: kuti thabwa lalitali libwezera munthu kwao ngakhale popanda mphepo, ndi kuti zipangizo zouluka pa mphepo yocepa zikopa anthu kupita kutali tsiku limene mphepo ingathe kufa, cotero boti lisacoke pa madzi.

Loweruka tinakhala pansi kukonza mau athu, ndipo sitibisa kuti panali pobvuta. Tikadati zonse ndi zabwino, mwini malo akadagula zonse, nauza alendo kuti kuno auluka masiku onse, ndipo ife tikadalembedwa nchito mwezi wonse wa Epulo ndi wa Meyi. Koma tinaganiza za mlendo wolipira ndalama zace amene akadakhala pa madzi tsiku lonse wosauluka, ndi za nkhalamba imene inatikhulupirira. Ndipo tinaona kuti nchito yomangidwa pa nambala yonama ikadagwa caka cisanathe, nitigwera ife tomwe. Tinamtengera buku, ndi kumuuza kuti: Pa makilomita 11 palibe anauluka mwa ife. Wopepuka ndi wodziwa ayamba pa 14, wolemera pa 18. Gulani matabwa atali ndi zipsepse zotambasuka. Gulani phiko la 7 limodzi. La 8 libwerere. Ophunzira akhalebe pa matabwa otakata, ndipo alindire mphepo ya khwerero lacinai.

Iye anawerenga buku lonse, nacita monga tinanena: anagula matabwa atatu, zipsepse zitatu, ndi phiko limodzi. Sitinapeze miyezi iwiri imene mitima yathu inalakalaka; tinapeza masiku ena oonjezera, pamene alendo odziwa kale adza kudzabwereka matabwa atsopanowo, ndipo masiku a bata tikhala pa gombe ndi kusoka mapiko ong'ambika. Ndalama zace ndi zocepa, koma ndi zoona, ndipo zifika kwathu. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pa mphuno, wa pa cala ndi wa mphepo.

Kapena wina wa inu adzaona phiko lotere pa nyanja ya kwathu, ndipo adzafuna kuliyesa. Akumbukire kuti madzi opanda mcere sayandamitsa monga a mcere, cotero thabwa limira pang'ono koposa. Kuti mwera wa miyezi yozizira uutsa mafunde akuru osayenera wophunzira. Ndi kuti asalowe konse pamene mphepo icokera kumtunda kunka pakati pa nyanja, pakuti imeneyo ipereka ulendo wopita wokha. Koma ambiri a inu simudzagwira phiko, ndipo kwa inu tinena ici. Amalonda adza m'midzi ndi mbeu, ndi mapampu a madzi, ndi nyali za dzuwa, ndipo ali yense ali ndi kalata ya manambala okoma. Sitinena kuti onse anama. Nambala zao kawirikawiri zitengedwa tsiku labwino, ndi munthu waluso loposa. Mfunseni wamalonda kuti, Munaciyesa tsiku lotani, ndipo anaciyesa ndani? Mukatha, cibwerekeni, ciyeseni tsiku la mitambo, m'munda wouma, m'manja mwa wofoka ndi wamphamvu yemwe, sinthani cimodzi cimodzi, ndipo lembani zimene maso anu aona, pamodzi ndi masiku amene sicinagwire nchito. Mukatero mudzagula zocepa, koma zimene mudzagula zidzakhala nanu. Tsalani bwino, abale.